Kamtengo Koyezera Foni

Ndinanyamuka pa Limbuli mmawa, mame asanaume, ulendo wa ku Chitakale kukagula pulotekita, kagalasi komata pankhope ya foni kuti isasweke. Foniyo anatumiza ndi mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito ku Joni. Yoyamba ndinaikhalira pamaliro. Atatumiza iyi anandiuza kuti ikasweka, nkhope yake ndidzaionera kumaloto.

Amake Esinati anakaniza kuti foni ikwere nane minibasi. Choncho ndinathyola kamtengo ka tsache, n'kuyeza kutalika kwa foni, n'kuika m'thumba la malaya. Ndi mmene timagulira nsapato za ana kwathu kuno. Phazi la Esinati ndinaliyezanso choncho ali sitandade 3, koma nsapatozo zinathera pamowa, ndipo anayenda wopanda nsapato mpaka mayeso.

Kondakitala anati zikwi zitatu. Ndinadandaula ukalamba, iye anati mafuta sadziwa imvi. Anandikhazika pakati pa thumba la nanazi ndi mayi wina wonyamula nkhuku, amene anagona paphewa langa minda yonse ya tiyi. Dzanja langa silinachoke pathumba la malaya.

Tinafika pa Chitakale dzuwa litakwera. Njala itandigwira ndinaima pachiwaya, n'kudya chipisi ndi tinyama ta mbuzi. Mbuziyo inali ya msinkhu wanga. Inatsalira m'mano, ndipo ndinatokosa bwinobwino, n'kulavula tizidutswa, ndikuyang'ana phiri. Ndinazindikira mochedwa chimene ndinkatokosera.

Wogulitsa mapulotekita, mayi wa kabenchi pafupi ndi siteji, anafunsa mtundu wa foni. Ndinati yakuda. Anafunsa dzina lolembedwa kumbuyo. Ine kuwerenga ndinaphunzira kusukulu ya kwacha ndili ndi zidzukulu, ndipo sindinaganize kuti foni nayo imawerengedwa. Ndinatulutsa kamtengo.

"Madala, kamtengoka kakunena kutalika. Nanga m'lifupi? Nanga diso la kamera lili pakati kapena pambali? Komanso bwanji kanyowa?"

Anandilangiza kuti ndibwere ndi foni, aimate yekha. Ndinakana, poopa kubwerera chimanjamanja. Ndinasankha galasi lofanana ndi kamtengo, n'kuonjezera pang'ono pa zimene ndinatafuna.

Ndinafika kunyumba chakumadzulo. Galasi linaperewera kumtunda ngati buluku la mwana wokula msanga, m'mbali linasefukira, ndipo pakati panatsekeredwa mpweya. Amake Esinati anangodikira kuti mwana aimbe, n'kumufotokozera zonse, ndi za mbuzi zomwe.

Esinati anaseka mpaka chithunzi chinagwedera. Kenaka anafunsa ngati kamtengoko kanali ka tsache. Ndinavomera.

"Bola ulendo uno mwabwera ndi kanthu, ababa."

Anati Loweruka amake apite ndi foniyo okha. Ndaphunzira kuti foni ili ndi mbali zambiri kuposa phazi. Galasi loperewera lija ndalisunga m'thumba la malaya.