Ndinakonzetsa Kompyuta ya Mwana Wanga Osamufunsa

Nkhani iyi yonse sindinaiuzepo munthu, ngakhale abusa athu. Ndinaononga ntchito ya mwana wanga ndikuyesa ndikumuthandiza.

Ndine nkhalamba ya ku Kachulu, ndakulira pamadzi. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha. Mwana wanga Esinati ndinamusiyitsa sukulu ali wanzeru kuposa anzake, kuti aziyanika matemba pathandala, ndipo chimenecho chandidya mumtima mpaka lero. Mwayi wake, mwamuna amene anamukwatira anamuphunzitsa kompyuta. Atamwalira anamusiyira kompyutayo, muli pulogalamu yogula yokonzera mavidiyo. Esinati akulera ana ndi kujambula maukwati ndi zinkhoswe, kuno mpaka kwa Mwambo.

Kompyutayo inali itakalamba. Inkachedwa, kukatentha inkazima yokha. Tsiku lina Esinati atapita kumaliro kwa Kuntumanji, ndinaikulunga m'chitenje n'kukwera nayo minibasi ya ku Zomba. Ndinkafuna akabwera aipeze ikuthamanga, aone kuti bambo ake sadziwa kulanda kokha. Wokonza makompyuta anati bolodi yaikulu ya m'kati yatopa, tiikemo ina. Ine ndinaganiza ngati msodzi. Boti likaola thabwa timakhomapo lina, boti ndi lomwelo, mwini wake ndi yemweyo. Bolodi yakaleyo ndinamusiyira, monga timasiyira mmisiri matabwa otsala.

Esinati atabwera n'kuiyatsa, inayaka msanga, ine mtima mbee. Koma pulogalamu ija inakana kutseguka. Inalemba kuti iyi ndi kompyuta ina, chilolezo chake n'cha kompyuta imodzi yokha, ndiye amene anaigula atsimikize ndi manambala omwe atumizidwe pafoni yake. Wogulayo anali malemu mpongozi wanga. Nambala yake inatsekedwa kalekale, titaiimba anayankha munthu wina amene anatiyesa akuba n'kudula.

Inu owerenga, m'kompyutamo munali vidiyo ya ukwati wa kwa Mwambo, yosamaliza. Amalume ake a mkwatibwi anachokera ku Mozambique ndipo ankadikira kuti abwerere nayo kwawo. Ndinaimbira wokonza uja kuti abweze bolodi yakale, koma anali ataigulitsa kale kwa munthu wodutsa. Anati atiikira pulogalamu yakuba. Esinati anakana, poopa kuti ingadzafe ntchito ya eni ili pakati.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Sanatero. Anangokhala pampando manja ali pamiyendo, n'kunena motsitsa kuti, “Ababa, mumandiganizira ndithu. Koma simunayambe mwandifunsapo.”

Ndinadziwa kuti sakunena za kompyuta yokha.

Ndiye ndikupemphani inu owerenga, makamaka akulu anzanga. Kompyuta si boti. Mukafuna kusintha za m'kati mwake, yambani mwafunsa ngati mapulogalamu ake adzaizindikirebe, ndipo chakale musachitaye mpaka zonse zitatseguka. Ngati munagula pulogalamu m'dzina lanu, uzani mkazi wanu kapena mwana wanu njira yotsimikizira mukadali moyo, chifukwa makinawa samva zoti mwini anaikidwa m'manda. Ndipo chinthu cha mwana wanu, ngakhale mwam'bereka ndinu, musachikhudze iye asanavomere. Mphatso yobisa imene mukufuna kudzipepesera nokha, amalipira ndi iyeyo.

Madzulo a tsiku limene pulogalamu inakana lija, mayi wina wogula nsomba anandiuza padoko kuti kwa Mwambo ayamba kunena kuti Esinati ndi wabodza, ena amene anamulonjeza ntchito yojambula maukwati awo akufuna wojambula wina. Dzina limene analimanga yekha ali wamasiye linali kugwa chifukwa cha ine.

M'mawa mwake ndinaima pakhomo pake n'kumufunsa ngati angandilole kupita kwa eni ukwati kukanena kuti wolakwa ndine. Anati ndipite. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi, ndinapopa njinga, n'kuuyamba wa kwa Mwambo.