Patapata za Lusiya

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamuka ku Katuli, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali mphunzitsi. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, koma ife ana tinkangokumvera m'kamwa mwa makolo, chifukwa boma linkawaponya bambo kulikonse kumene lafuna, ife n'kumatsatira ndi mapoto athu. Ku Katuli tinkakhala m'nyumba ya pasukulu, ya malata odontha, pakati pa anthu olankhula Chiyao, ambiri mwa iwo Asilamu. Akhristu tinalipo ochepa moti Lamulungu tinkapempherera m'kalasi, ndipo tikamaimba nyimbo mawu a mayi ankamveka paokha.

Ndinali ndi mng'ono wanga, Lusiya, wa zaka zinayi. Anali mwana wamantha. Ndikamapita kudambo kapena kuchigayo ankandigwira diresi kumbuyo, mpaka msoko wake unamasuka. Ndisaname, zinkanditopetsa. Tsiku lina la msika anasochera m'chigulu cha anthu, ndipo nditamupeza akulira pafupi ndi ogulitsa usipa ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti akasochera asamayendeyende, aziima pomwepo, ine ndibwera kudzamutenga. Pofuna kumutonthoza, mayi anamugulira patapata zofiira, nsapato zake zoyamba. Ankazikonda moti mvula ikagwa ankazivula n'kuzinyamula m'manja kuti zisade.

Malungo anamugwira mvula ili pakati, ndipo sanachedwe naye. Msewu unali utaduka. Bambo anathamanga uku ndi uku kufunafuna galimoto yoti itengere maliro ku Ntcheu, kuti mwana akagone pafupi ndi agogo ake monga zimayenera kukhalira, koma panalibe dalaivala wofuna kuika matayala ake m'matope amene aja. Amene anabwera kudzakhala nawo pansi anali Che Jafali, telala woyandikana nafe nyumba.

"Aphunzitsi," anatero, "mwanache ameneyu wadya nafe, wasewera ndi ana athu. Musamuvutitse ndi msewu. Malo alipo."

Anyamata a kumzikiti ndi amene anakumba manda, kumapeto kwa munda wa Che Jafali, pansi pa mtengo wa masuku. Ife tikuimba nyimbo zathu iwo anaima chapatali mwaulemu, ndipo titamaliza anabwera kudzathandiza kukwirira. Madzulo ake mayi anatsuka patapata zija, anazikulunga mumpango n'kuziika pansi penipeni m'sutikesi. Chithunzi cha Lusiya tinalibe ngakhale chimodzi.

Titakolola, mawu anabwera oti bambo awasamutsira ku Nkhudzi, kunyanja. Monga ankachitira nthawi zonse, anatsogola okha kukaona nyumba, ife n'kutsala tikumanga katundu podikira lole.

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kuwawa. Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti tsiku lomaliza lipenga lidzalira ndipo akufa adzadzuka. Ine ndinkakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake zinkandiopsa. Ndinkamuona Lusiya akudzuka pansi pa mtengo wa masuku, akuthamangira kunyumba ya pasukulu, n'kupezamo anthu achilendo. Kuti atipeze anayenera kutsika mapiri onse aja ndi kuwoloka Shire, mwana woopa ngakhale galu, komanso wopanda nsapato, pakuti ndinaona ndekha kuti anamuika ali chosavala kumapazi. Choipa kwambiri chinali chakuti mwina sadzayenda n'komwe. Adzaima pomwepo, monga ndinamuuzira, kudikira ine. Ndinasiya kudya, mayi n'kumaganiza kuti ndi njoka za m'mimba.

M'mawa wa tsiku losamuka ndinatsegula sutikesi, ndinatenga patapata zija n'kuthamangira kumanda. Ndinakumba kadzenje ndi kamtengo chakumapazi, ndinaziikamo n'kukwirira. Kenaka ndinayamba kumufotokozera njira monga ndinamvera kwa bambo: atsike mapiri, awoloke mlatho wa paboma pa Mangochi, akhotere kumanja, azifunsa Nkhudzi. Ndili m'kati molankhula ndinazindikira kuti sangakumbukire zonsezi. Ndinangokhala pansi n'kutsimikiza mumtima kuti ine sindikwera lole imeneyo.

Hutala ya lole inalira kusukulu, ine osasuntha. Abiti Musa, akazi a Che Jafali, ankakumba mbatata chapafupi. Anandiyang'ana kanthawi, anasiya khasu n'kupita kukaitana mayi.

Mayi anafika ali ndi kamtengo m'manja, mpango wopanda kanthu uli paphewa. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Esinati, patapata za mwana wanga zili kuti?"

Ndinaloza pamene ndinakwirira.

"Wapenga kodi? Chinthu chimodzi chokha chimene ndatsala nacho?"

"Ndiye adzayenda bwanji opanda nsapato?" ndinatero. "Inu mukumusiya yekha. Akadzadzuka adzatipeza kuti? Ine ndinamuuza kuti ndizibwera kudzamutenga."

Kamtengo kaja kanagwa. Mayi anakhala pansi padothi lonyowa ndi mame, chitenje chawo chaulendo chomwecho, ndipo analira osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Lole inkaitanabe. Atapukuta maso anandikokera pafupi.

"Tandiuza, bambo ako ali kuti?"

"Ku Nkhudzi."

"Tinawataya?"

"Ayi, anatsogola."

"Nanga tikatsika lole lero madzulo, atichingamire ndani? Ife njira sitikuidziwa, nyumba sitinaionepo. Koma tikupita, chifukwa kuli wathu amene anafikako kale." Anagwira dothi la pamanda paja. "Apa tasungitsa thupi lokha, mwana wanga. Lusiya sanatsale m'mbuyo. Ali kutsogolo, ali ndi Yesu. Ndipo tsiku limenelo si mwana amene adzafune njira. Mwini wake amadziwa pamene aliyense wagona."

Kenaka ndinafunsa chimene chinatsala. "Nanga akadzandiiwala? Ndikhala nditakula."

"Amene anakung'ambira diresi uja?" Mayi anaseka misozi ikutsikabe. "Udzangomva wina wakugwira kumbuyo."

Ndinayamba kufukula kadzenje kaja kuti ndiwabwezere patapata zawo. Chingwe chofiira chitangoonekera, mayi anandigwira dzanja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anachisisita ndi chala, kenaka anabwezerapo dothi okha n'kusalaza bwinobwino. Anati tizisiye. Abiti Musa anatiperekeza mpaka palole, atanyamula mbatata zoti tikadye kumene tikupita. "Pitani bwino, mama," anatero. "Udzu tizizula ife."

Tinafika ku Nkhudzi titayera ndi fumbi. Bambo anali ataima pamsewu, atavala malaya awo a Lamulungu, ndipo anayamba kukweza dzanja lole ikadali patali.

Papita zaka zambiri. Bambo anagona ku Ntcheu. Mchimwene wanga wamkulu anamwalira ku Joni ndipo anaikidwa komweko. Ife ana a anthu osamukasamuka manda athu ali balalabalala. Nditayamba ntchito ndinabwerera ku Katuli, koma Che Jafali ndi akazi awo anali atatisiya kale, mtengo wa masuku unadulidwa n'kuotchera njerwa, ndipo paliponse panali chimanga. Mdzukulu wawo anayenda nane m'munda monsemo, akupepesa ngati walakwa ndi iye. Manda sitinawapeze. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti palibe pamene ndingaloze n'kunena kuti mng'ono wanga ali apa. Koma mantha a paubwana aja sanabwerere.

Tsopano ndine mayi, ndipo ndikudziwa chimene mayi anga anasiya m'kadzenje kaja. Chikhulupiriro chawo sichinawachotsere chisoni. Tikadutsa pamsika pali patapata za ana, ankatembenuzira nkhope kumbali, mpaka kukalamba. Koma anafuna kuti ine ndione kuti mawu awo si ongondinyengerera kuti ndikwere lole. Munthu amene akudziwa kuti akaonana ndi mwana wake amatha kusiya nsapato zake m'mbuyo.

Mayi anamwalira chaka chatha m'nyumba mwanga, paboma pa Mangochi. Masiku awo omaliza ankalankhula pang'ono. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anakankha supuni, n'kundiyang'ana monga amachitira munthu amene wamanga kale katundu.

"Esinati, ine ndikutsogola. Uli ndi mawu opita kwa Lusiya?"

Ndinali nditakonzeka kumva za maliro, za nyimbo zoti tidzaimbe, koma osati funso limenelo. Ndinaika mutu pachifuwa pawo, ine mayi wa imvi, n'kulira ngati tsiku lija kumunda.

"Mukamuuze kuti ndachedwa, koma sindinaiwale," ndinatero. "Aime pomwepo. Ndikubwera."