Njinga ya Malume Inafika Mochedwa

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogonera pa benchi pasiwa. M'nyumba momwe munagona thupi la malume anga, amayi a kwaya anali akuimbabe, koma mawu atawasasa. Mvula inali itavumba usiku wonse. Kuseri azimayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi wokhawokha, moto osayaka.

Pakhonde panali njinga yamoto ya malume, itafunditsidwa lona. Inali yakalekale, yampando wotsika, yolemera ngati ng'ombe. Anaigula ku Chipoka ine ndisanamere ndevu. Injini yake inali ya masilinda awiri otayana ngati mphanda ya legeni, ndipo inalibe tcheni. Tayala lakumbuyo linkazunguzidwa ndi chitsulo chobisika m'paipi, chimene iwo ankachitcha shafuti. Pa tala anyamata a kabaza ankaipitirira uku akuseka, koma mumchenga inkakoka osadandaula, iwo akukankha zawo. Kulira kwake kunali kwapansipansi, du-dum, du-dum, ndipo azakhali, akazi a malume, akakumva chapatali ankatereka madzi osamba.

Kutacha anthu anayamba kufika, asodzi anzawo a malume, ena ovala zisoti za Chisilamu, azimayi atasenza nkhuni ndi ufa, mapazi onse ali matope. Mmodzi yekha ndiye anali asanafike, msuweni wanga Tiyamike, mwana yekhayo wa malume. Anakwera basi ya usiku kuchokera ku Mzuzu, ndipo ankaimba foni pafupipafupi kupempha chinthu chimodzi, chakuti asakhomere bokosi iye asanaone nkhope ya bambo ake.

Dzuwa litakwera anaimbanso akulira. Anali pa Khombedza, ndipo a kabaza onse anakana kulowa msewu wakwathu chifukwa matope akanadula matcheni awo. Nthawi yomweyo mmodzi wa adzukulu okumba manda anabwera, mchenga uli m'mawondo.

"Dzenje likulowa madzi, m'mbali mukugumuka. Tichite changu," anauza akuluakulu.

Kuno kunyanja madzi sali patali pansi, aliyense ankadziwa kuti sakunama. Thupi nalo silikanatha kudikira tsiku lina. Ndinavundukula lona lija kuti ndikamutenge Tiyamike. Batire inali itafa, choncho amuna ena anandikankha mpaka injini inatsokomola n'kudzuka. M'nyumba maliro anabuka mwatsopano.

Popita ndinayenda bwino. Tiyamike, amene masiku onse sandipatsa moni asananditonze kuti ndine mwamuna wake waulesi, lero anangokwera kumbuyo. Pobwerera tinapeza dambo litaipiratu, ngolo zitapondaponda. Ndinaika giya yoyamba. Njingayo inkapita pang'onopang'ono, matope akuthovukira mbali zonse, osaima pamene yaing'ono ikanamira. Ndinaiyamikira mumtima.

Koma injini imeneyo ilibe madzi oiziziritsa. Imazizira ndi mphepo yodutsa m'zipsepse zachitsulo zimene zazungulira masilinda. Paliwiro la kamba mphepo panalibe, zipsepse zinamatika matope, ndipo silinda yakumbuyo, yobisika kuseri kwa inzake, ndiyo inayamba kupsa. Ndinamva kutentha m'ntchafu, kenako fungo la oilo wopserera. Mphamvu zinatha, injini inagogoda, n'kuzima pakati pa dambo.

Tiyamike anatsika, n'kutunga madzi pachithaphwi ndi chipewa changa cha njinga.

"Asuweni, ayi," ndinamugwira dzanja. "Bambo anu ankaletsa. Chitsulo chotentha ukachithira madzi chimang'ambika. Tikatero tiyenda wapansi."

"Ndiye tingokhala? Akukhomera bambo anga, ife tikulera chitsulo?"

Tinakhala. Ndinathyola kamtengo n'kumakokota matope m'zipsepse, injini ikuthetheka. Foni yake inalira, osayankha. Inaliranso. Sindinadanepo ndi chinthu chopanda moyo monga ndinadanira ndi njingayo nthawi imeneyo. Itazizira, Tiyamike anaikankha yekha, chitenje atachikwinyira m'chiuno, mpaka inalira.

Tinakumana ndi anthu onyamula maliro pamphambano yopita kumanda. Kutsogolo kunali mtanda, pambuyo pake bokosi pamapewa a amuna, kenako azimayi akuimba mvula ikuwawaza. Atamva du-dum uja nyimbo inaduka, anthu onse n'kutembenuka. Ndinaona azakhali akudzutsa mutu msangamsanga, nkhope itawala, kenako anagwa m'manja mwa amene ankawagwiriza.

Tiyamike anagwada m'matope kutsogolo kwa bokosi, kupempha kuti atsegule pang'ono chabe. Mkulu wa adzukulu anagwada naye, n'kumuuza mofatsa kuti maliro akatuluka m'nyumba sabwerera, ndipo bokosi satsegulira panjira. Anadikira mpaka pamene akanathera, anatero. Palibe anamutsutsa. Msuweni wanga anaimirira, n'kuika dzanja pa thabwa, ndipo anayenda choncho mpaka kumanda. Ine ndinazimitsa injini n'kumaikankha pambuyo pa onse. Potsitsa bokosi tinamva likukhuvula m'madzi.

Madzulo anthu anabalalika, mapoto obwereka anabwezedwa, pabwalo panangotsala mafuwa ndi phulusa lonyowa. M'nyumba munali zii. Azakhali anali pamphasa atatsamira khoma, ndipo nditawapatsa madzi akumwa anayankhula osandiyang'ana.

"Nditaimva njinga ija ndinaiwala kuti ndili pambuyo pa bokosi. Ndinati ndikatereke madzi, abwera."

Ndinatuluka chifukwa misozi inandigonjetsa. Pakhonde ndinapeza Tiyamike atakhala pansi pambali pa njinga, akuchotsa matope otsala m'zipsepse ndi kamtengo, mmene ankachitira bambo ake.

"Asuweni," anatero, "tikanathira madzi aja, ikanang'ambikadi?"

Ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kukokota.