Nyumba ya Mayi a Tadala Sinapendekeke

Ndili ndi satifiketi ya zojambula, ndiye kutchalitchi kwathu ku Peckham, kuno ku London, aliyense amandipatsa zithunzi kuti ndikonze. Tsiku lina titaweruka, Mayi a Tadala, nesi wa ku Lewisham, ananditumizira chithunzi tili limodzi panja.

"Amake Yamikani, taonani nyumba yanga ya ku Ntcheu. Bwanji ikuoneka ngati ikugwa chagada?"

Khonde la mizati, malata obiriwira. Ine ndimapanikizana ndi mwana m'chipinda chimodzi ku Barking, kumudzi ndilibe ngakhale njerwa.

Ndinadziwiratu kuti wojambula anaima pafupi n'kulozetsa foni m'mwamba. Kujambula kotero kumapendeketsa makoma pa chithunzi, ndipo kuwawongola n'kosavuta. Koma ndinachikulitsa chithunzicho, n'kupukusa mutu ngati injiniya.

"Iii, koma khomali! Mmisiri wanu mumamukhulupirira?"

Sindinkadziwa kuti mmisiriyo ndi mchimwene wawo. Anawaimbira pomwepo, ndipo ndinamva bambo wamkulu akulumbira kuti anayeza ndi levulo. Mpaka lero sayankhulana.

Chithunzi chija ndinachiwongola m'sitima pobwerera, mwana ali pamiyendo. Nyumbayo inaima chilili, yokongola mopweteka mtima. Chithunzicho chikadali m'foni mwanga. Tsiku lililonse ndimati ndiwatumizira mawa.