Kamodzi, Kangapo Kapena Kawirikawiri

Dzina loti a Palichina anawapatsa ndi madalaivala a kuntchito. Ukawapatsa moni n'kunena kuti wadzuka bwino, iwo ankapendeketsa mutu pang'ono n'kufunsa kuti, "Pali china?" Ukati mwana akutsokomola, amvekere, "Ndamva. Pali china?" Mapeto ake unkapezeka waulula ndi za mkangano wa iwe ndi mlamu wako, zomwe unalumbira kuti sudzauza munthu. Dzinalo linawamatirira ngati chingamu ku nsapato, ndipo eni akewo sanalikane.

Ntchito yawo inali yofunsa mafunso. Akatswiri ofufuza za kakhalidwe ka anthu, aja amakhala m'maofesi ozizira n'kumadabwa kuti mabanja akutheranji kapena achinyamata akuthawiranji kwawo, sangagogode okha khomo ndi khomo. Amatuma anthu ngati a Palichina. Kwa zaka zoposa makumi awiri mayiwa anayenda ndi chikwama paphewa, poyamba chodzaza mapepala, kenako muli tabuleti yomwe batire yake inkakonda kutha nkhani itafika pokoma. Ankatsika galimoto pamphambano n'kuyamba kuwerenga nyumba: zinayi kudumpha, yachisanu kugogoda. Kaya yachinayiyo ili ndi mthunzi wabwino ndi mayi womwetulira, kaya yachisanuyo ili ndi galu wolusa, lamulo silinkasintha, chifukwa wofufuza akayamba kusankha makomo omusangalatsa ndiye kuti zomwe akapeze ndi zomwe anachoka nazo kwawo.

Pa maphunziro awo oyamba, mphunzitsi wina wamfupi wa mawu ngati wailesi anawakhomerera malamulo mpaka anakhazikika m'mafupa. Funso uliwerenge monga lalembedwera. Munthu akakakamira pakati pa chiganizo, usamumalizire, usamutafunire yankho. Usagwedeze mutu, usatsonye, usatong'ole maso, pakuti wofunsidwa amawerenga nkhope yako n'kuyamba kunena zokusangalatsa. "Simukupita kukakonza mabanja a eni," ankatero mphunzitsiyo akumenya tebulo. "Mukupita kukamva basi. Malangizo anuwo muwasiye kunyumba."

Anzawo ambiri izi zinkawakanika. Wina ankalira limodzi ndi wofunsidwa, wina ankapezeka akulalikira. Koma a Palichina anali katswiri. Ankatha kukhala phee, manja pamiyendo, mpaka munthu chetecho chimuwotche n'kutulutsa zomwe anabisa pansi pa mtima. Mawu awo ojambulidwa ndi omwe ankawaikira ophunzira atsopano kuti amve mmene munthu amafunsira osaonetsa mbali. Iwo ankanyadira zimenezi, ndipo kunena zoona panali ponyadira.

Vuto linali loti nkhope imeneyi sankaisiya ku ofesi pobweza tabuleti. Ankabwera nayo kunyumba. Malemu amuna awo, omwe anali okonza mafiriji, akavala malaya atsopano n'kufunsa kuti, "Mayi, akundikhala?" yankho linkakhala loti, "Inuyo mukuona bwanji?" Bambowo ankauza anzawo kuti kwawoko ukadandaula kuti mchere wachepa, umayamba wafotokoza kaye kuti ukamati kuchepa ukutanthauza chiyani. Bambowo ankaseka, koma ana sankaseka. Ana awiriwo anakulira m'manja mwa mayi awo aang'ono. Mayi awo owabereka akabwerako ku ulendo, atada ndi dzuwa, ankawakhazika pampando n'kumvetsera zonse za kusukulu mwachidwi chenicheni, osadula mawu, osakalipa, osayamikira. Wamkulu atakula anakapeza ntchito kutali, ndipo foni amaimba mwa apo ndi apo.

Kukhazika matako pansi nakonso sankakudziwa. Kafukufuku akatha, masiku odikira wina ankakhala chilango. Ankatsuka makapu otsuka kale, kusuntha mipando, kuibwezeranso pomwe inali. Akamapita kusitolo ankapezeka akuwerenga nyumba za anansi awo omwe. M'basi ankayang'ana munthu n'kumaganizira kuti pakhomo pake amagona angati, ndipo madzi amatunga kuti. Chikwama cha ulendo chinkakhala kuseri kwa chitseko, mswachi ndi sopo zili momwemo chaka chonse.

Tsiku lomwe mzime wawo anatulukira, a Palichina anali akusita zovala, poti m'mawa mwake ankanyamuka kukayamba kafukufuku wa milungu ingapo. Anamva geti likulira. Atasuzumira pawindo anaona mtsikanayo, khanda lili kumsana, chikwama chachikulu chili m'manja, atavala juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo. Maso ozolowera saphonya zotere. Anaona juziyo, anaona zipi ya chikwama itatsekeka theka, ndipo anadziwa kuti nthawi imeneyo mwanayo amayenera kukhala ali kuntchito kwake, ku sitolo ya mankhwala.

"Takulandira," anatero. "Lowa, ndikuikire madzi a tiyi."

Anakhala m'khitchini, patebulo laling'ono la nsalu ya pulasitiki, firiji yakale ikung'ung'udza pakona. Khanda linagona pamiyendo pa mayi ake. Mtsikanayo ankangozunguza kapu, osamwa.

"Amayi, ine ndachokako kuja."

"Ndamva."

"Bambo a mwanayu asintha. Foni yanga amasunga ndi iwo. Ndikachedwa pang'ono amakandidikirira pakhomo pa sitolo, mpaka anzanga amandiseka kuti ndinalemba mlonda."

"Mm."

Kenako a Palichina anakhala chete monga ankachitira m'makomo a eni, ndipo chetecho chinagwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Mtsikanayo anapinda dzanja la juzi mpaka m'chigongono. Mkono unali utatupa, wakuda bii, zala za munthu zikuoneka pomwe zinagwira.

"Dzana anandimenya."

A Palichina akanatsatira zomwe thupi linkafuna, akanagubuduza tebulo lija ndi makapu ake omwe. Uyu anali mwana wawo, yemwe anamubereka movutikira, yemwe ngakhale iwo sanamukwapulepo. Koma pakamwa panali ndi njira yakeyake yomwe panazolowera. Zaka za m'mbuyomo anayendapo pa kafukufuku wa za nkhanza za m'banja, ndipo mayi akayankha kuti inde anamenyedwapo, funso lotsatira linali limodzi lokha. Analifunsa kwa amayi mazanamazana, moti linatuluka lokha, mawu ali osalala bwinobwino.

"Kamodzi, kangapo, kapena kawirikawiri?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji?"

"Ndimafuna ndimvetse kuti..."

"Kumakwana kangati, amayi? Tandiuzani nambala yake, ndibwerere ndikakwanitse."

"Sindimatanthauza choncho, mwanawe."

"Ndiye nenani zomwe mukutanthauza. Bambo a mwanayu aimba kale kwa mayi aang'ono kuti abwera mawa m'mawa kudzanditenga. Akuti sadzayambiranso. Ine mutu waima. Ndibwerere kapena ndikhale?"

Apa tisawaweruze msanga mayiwa ngati munthu wouma mtima. Yankho anali nalo, linali pakhosi penipeni. Koma m'maulendo awo anakumanapo ndi akazi omwe anabwerera kwa amuna chifukwa mayi awo anatero, enanso omwe anachoka chifukwa mayi awo anatero, ndipo onsewo ankatchula mayi awowo mokukuta mano. Anakhulupirira ndi mtima wonse kuti yankho lomutafunira munthu silikhalitsa, kuti kumulemekeza mwana ndi kumusiya apeze lake. Panalinso mantha, tisabise. Munthu yemwe wakhala moyo wake wonse osanena maganizo ake, tsiku loti awanene amachita ngati akumuvula pagulu.

"Iweyo mtima wako ukukuuza chiyani?" anafunsa.

Mtsikanayo anaseka kaphwete kowawa, n'kutsitsa dzanja la juzi lija.

"Ine ndimayesa ndabwera kwa mayi anga. Kani ndabwera ku ofesi."

Ananyamula khanda lake n'kulowa kuchipinda chomwe ankagona ali mtsikana, ndipo chitseko anachitseka mwaulemu, zomwe zinawawa kuposa akanachimenyetsa.

A Palichina anasowa pogwira. Anasitanso bulauzi yomwe anali atasita kale. Anatulutsa zovala m'chikwama, kuzipindanso, kuzibwezera. Anatuluka panja kukaanula zochapa n'kupeza kuti chingwe chilibe kanthu. Kangapo konse anafika pachitseko chija, dzanja lili m'mwamba, n'kubwerera. Munthu yemwe anagogodapo pa mageti a agalu olusa, pa zitseko za zidakwa ndi za anthu olemera omwe amakuyankhira pawindo, analephera kugogoda chitseko cha m'nyumba mwake momwe. Chakudya chamadzulo anakachisiya pansi pakhomopo chovundikira, ndipo sichinakhudzidwe.

Kutacha anapeza mtsikanayo atasamba kale, khanda atalidzoza mafuta. Chikwama chake chinali pakhomo, pambali pa cha mayi ake, zipi itatsekeka bwinobwino tsopano.

"Ndaganiza zongobwerera," anatero osawayang'ana. "Inu musachedwe, galimoto ingakusiyeni."

"Ngati ndi zomwe wasankha," anayankha a Palichina, mawuwo akuwawawa m'kamwa ngati mankhwala. Anakoleka chikwama paphewa n'kutuluka.

Msewu unali utadzuka. Wosoka nsapato ankayala katundu wake pansi pa khonde la sitolo, ana a sukulu ankathamangitsana, wometa tsitsi ankasesa pakhomo. A Palichina ankayenda mofulumira, kenako n'kuchepetsa, kenako n'kufulumiranso, ngati miyendo iwiriyo sinagwirizane kolowera. Atafika pakona pomwe msewu wawo umakumana ndi wa mabasi, anangoti gululu ndi mkamwini wawo.

Anali atatchena, malaya oyera osita bwino, m'manja muli jumbo ya zipatso ndi kachidole ka mwana. Anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. Mwamuna waulemu ndithu, woti aliyense wodutsa akanasirira kuti mayiwa anapeza mkamwini.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Pepani ndi zomwe mwamvazi. Ndi zazing'ono, kungoti mwana wanuyu amakulitsa nkhani. Inu mwayenda, mwalowa m'nyumba zambiri, mukudziwa kuti zoterezi zimachitika paliponse. Ndi kamodzi kokha."

Inde, anali atayenda. Ndipo kafukufuku uja wa za nkhanza sanali wofika kamodzi n'kutsanzika. Patapita zaka ziwiri anawatumanso kumakomo omwewo, kukafunsa akazi omwewo mafunso omwewo, kuti aone chomwe chasintha. Iwo ndi omwe anakhala pamipando yomweyo n'kumva ena mwa omwe poyamba anati "kamodzi" akuti "kawirikawiri," maso ali pansi. Pakhomo lina anatsegula ndi mchemwali wa mayi yemwe ankamufunayo, ndipo atafunsa kuti mwini wake ali kuti, mchemwaliyo anangogwira pakamwa. Tsiku limenelo a Palichina anathokoza, n'kupita nyumba yotsatira.

Mkamwiniyo ankawayang'ana kumaso, kusaka chizindikiro. Sanapeze mkwiyo, sanapeze chilichonse, ndipo mapewa ake anamasuka. Anamwetulira.

"Ndinadziwa kuti inu ndi omvetsa zinthu, amayi. Ndimauza ngakhale anzanga kuti apongozi anga salowerera za m'nyumba mwa ana."

Mawu amenewa anawalasa kuposa chipongwe. Zaka zonsezi ankayesa kuti nkhope yawo ija siili mbali ya munthu aliyense. Kani mwamunayu anali ataiwerengera kale mbali yake, ndipo mwana uja m'khitchini anaiwerenga chimodzimodzi.

A Palichina anangotembenuka n'kuyamba kubwerera, poyamba chofulumira, kenako chothamanga ndithu, mayi wamkulu chikwama chikumumenya m'chiuno, nsapato zikulira pa phula. Wosoka nsapato anaimirira kuti aone chomwe chikuwathamangitsa. Foni inayamba kulira m'thumba, mosakayika dalaivala wa kuntchito, koma sanaigwire. Kumbuyo ankamva mkamwini akuitana, "Amayi! Amayi, kwagwanji?"

Anafika pageti iwo poyamba, kulowa, n'kukoka loko mpaka anamveka kuti khwa. Mtsikana uja anali ataima pakhomo, khanda kumsana, chikwama m'manja.

"Mwaiwala chiyani?"

"Tsitsa mwanayo," anatero a Palichina ali wefuwefu. "Sukupita."

"Amayi..."

"Ndati sukupita! Munthu uja wakulakwira. Kaya ndi kamodzi, kaya ndi theka la kamodzi, ine zandinyansa. Chionereni mkono wakowo dzulo mtima wanga sunakhale pansi, ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi nditamuthyola dzanja lomwelo. Ukadzafuna kudana nane chifukwa cha mawu amenewa udzadane nane, koma lero ugona muno."

Mawu ankatuluka mokhotakhota, ena kukakamira, ena kubwerezedwa. Mphuno inkatuluka madzi, nkhope yonse itakwinyika moti ophunzira aja akanaiona sakanakhulupirira. Kunja geti linayamba kugogodwa, poyamba mwaulemu, kenako ndi chikhatho chonse.

"Amayi, tatsegulani tikambirane ngati akuluakulu."

"Bwererani nokha, bambo!" anakuwa a Palichina, mawu mpaka kusweka. Makatani a nyumba yoyandikana anagwedezeka. "Mwana wanga sakutuluka muno!"

Mtsikanayo anayang'ana mayi akewo nthawi yaitali ngati akuona mlendo. Kenako anaika chikwama pansi, n'kukhala pa sitepe, n'kuyamba kumasula nsalu yoberekera. A Palichina anagwada n'kulandira khandalo, lomwe linali litadzidzimuka ndi phokoso n'kuyamba kulira. Mtsikanayo anapukuta m'maso ndi dzanja la juzi.

"Mukananena dzulo, amayi," anatero chapansipansi, "bwenzi nditagonako tulo."