Kapeti wa Mkamwini

Mpaka lero ndikalowa m'nyumba imene muli kapeti wonyowa, mphuno zanga zimathamangira kwa agogo anga aamuna, a Mulepa, ndipo mtima umayamba kuwira ndisanadziwe n'komwe chimene ndakwiyira. Ndi fungo la nkhosa yovumbwidwa ndi mvula, losakanikirana ndi utsi wa milamba imene agogo aakazi ankawamba kuseri kwa nyumba, ndiponso chinyontho chimene chinkakwera kuchokera pansi nyanja ya Chilwa ikadzaza n'kufika m'minda. Anzanga amakumbukira agogo awo ndi nzimbe kapena mbatata yootcha. Ine ndimakumbukira tsache m'manja, msana ukuwawa, ndi mawu ochokera pakhonde akuti, "Iwe Esitere, ukusesa mobwerera!"

Agogowo anali mkamwini pamudzi pathu, kufupi ndi Kachulu. Anabadwira kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, makolo awo n'kuwoloka nawo ali kumsana pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo abale awo anamwazikana m'minda ya tiyi mpaka osadziwikanso kumene ali. Atakwatira agogo aakazi, Anambewe, anadzakhala kwa mkazi monga mwa mwambo wathu. Nyumba anamanga ndi iwo, mpunga ankalima ndi iwo, koma nyumba inali ya Anambewe, munda wa Anambewe, ana a Anambewe. Mlongo wawo wa agogo aakazi, a Sandalamu, amene anali mwini mbumba, sankalola kuti zimenezi ziiwalike. Akangosemphana mawu pang'ono, ankati, "Alamu, musamalimbe pakamwa. Tsiku lina mudzanyamula zanu n'kumapita kwanu." Aliyense ankadziwa kuti agogo analibe kwawo kopita, ndipo zawo zonyamula analibenso.

Chaka chimene boma linkasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, mpunga unabereka bwino kusikimu ya Likangala, ndipo agogo aakazi anagamula kuti yakwana nthawi yoti tigone m'nyumba ya malata. Anatuma amuna awo kutauni, n'kundituma inenso kuti ndikakhale maso awo, chifukwa ankawadziwa bwino munthu wawo. Tinakwera lole ya nsomba, tinafika tikununkha matemba, ndipo tikanangolunjika kusitolo ya malata sindikanalemba zonsezi. Koma m'njira tinapeza anthu ataunjikana pabwalo la nyumba ya mzungu wina amene ankabwerera kwawo, katundu yense atamwaza pakapinga kuti agulitse: mipando, mapoto, nyale, ndi makapeti.

Agogo ali mnyamata anagwirako ntchito yochapa m'nyumba ngati imeneyo, ndipo atangoona makapetiwo anasanduka munthu wina. Panali wina watsopano, wobiriwira, wowala, amene ine ndinamukonda nthawi yomweyo. Iwo sanamuyang'ane kawiri. Anakagwada pa wina wakalekale, wofiira mozilala ngati njerwa, wothothoka pakati pamene anthu ankapondapo, mphonje zake zitatha mbali imodzi. Anatembenuza ngodya n'kuyamba kusisita kumbuyo kwake.

"Taona," anatero. "Wa makina kumbuyo kumakhala ndendende ngati nsalu ya m'sitolo. Uyu ndi wa manja. Mfundo izi, ina yonenepa, ina yowonda."

"Agogo, malata."

Analavulira pampango n'kupukuta duwa limodzi kuti aone ngati utoto ukutuluka. Sunatuluke. Anasolola kaulusi, n'kukayatsa ndi machesi, n'kundisunthira pamphuno. Kanunkha ngati tsitsi lopsa, ndipo iwo anasangalala ngati apeza chuma, ati umenewo ndiye ubweya weniweni wa nkhosa. Kenaka anapeza duwa lina lokhota, losafanana ndi anzake, n'kuseka okha. "Apa munthu anatopa. Kaya mwana ankalira kumsana."

"Agogo, atituma malata!"

"Malata aliyense adzakhala nawo, mwanawe."

Ndinalira, ndinawaopseza kuti ndikanena, ngati kuti chinthu chachitali ngati bwato chikanabisika. Sizinathandize. Tinabwerera ndi kapeti, malata ayi. Panjira anyamata a chipani amene ankafunsa makhadi anaimitsa lole, ndipo ataona mpukutuwo anakayikira kuti mwina tabisamo kanthu. Anautambasula pamsewu pomwepo. Anthu onse m'lolemo anali zii ndi mantha, monga mmene zinkakhalira masiku amenewo, koma agogo, khadi lili m'mwamba m'dzanja limodzi, ankazungulira uku ndi uku kukalipira anyamatawo kuti asaponde ndi nsapato. Ndinkangoona kuti lero tigona kupolisi chifukwa cha chiguduli. Mwamwayi anyamatawo anaseka, n'kunena kuti mdalayu mutu sukuyenda.

Agogo aakazi sanaseke. Anayang'ana mpukutuwo, n'kuyang'ana denga la udzu, n'kufunsa mwakachetechete, "Bambo a Rozina, chimenechi nde tifolera?"

"Chimenechi n'changa," anayankha agogo.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wathu unasokonekera. Kapetiyo anadzaza pabalaza ponse, n'kungotsala kanjira m'mbali mwa khoma, kamene tinkadutsamo chammbali ngati nkhanu. Kudya tinkadyera panja. Mphasa zathu za bango, zimene sizinalakwire munthu, zinathamangitsidwira kukhonde. Mvula itayandikira agogo anakwera padenga n'kufolera bwinobwino ndi udzu watsopano, koma pamwamba pa kapeti pokha, moti kuchipinda tinkagona ndi mabeseni kumiyendo, madzi akuchita tho, tho, pamene pabalaza popanda munthu panali gwa, pouma. Mkulu wa mpingo atabwera kudzachezera odwala, agogo anamutungira madzi osambitsa mapazi asanamupatse n'komwe moni, ndipo atasamba anamuuza kuti akhalebe cha m'mphepete.

Ntchito yosesa inagwera ine. Osati ndi tsache wamba, koma la udzu wofewa limene anandimangira okha. Choyamba ndinkawaza masamba a tiyi otsala m'ketulo kuti agwire fumbi, kenaka n'kumasesa motsata kumene ubweya wagonera, ndili chogwada, anzanga akundiitana panja kuti tikasewere fulaye. Ndikalakwitsa ankamva ndi khutu ali pakhonde, sindidziwa kuti ankamva bwanji. Ndinadana naye kapeti ameneyo kuposa ntchito yopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ndinkadziwa duwa lake lililonse monga mmene munthu amadziwira nkhope ya mdani wake.

Koma mkangano waukulu unali wa kuzira. Kwathu pansi pa nyumba pamafuna mtsiro kawirikawiri, dothi lakuda lija limene amayi amapaka ndi manja kuti pakhale posalala ndiponso ming'alu itsekeke. Agogo aakazi akabwera ndi chidebe cha mtsiro, ankapeza amuna awo atakhala kale pakhomo.

"Tayalulani chinthu chanucho tizire."

"Sayalulidwa. Mukamupinda ulusi uthyoka."

"Nde timuyanike padzuwa, akununkhatu."

"Dzuwa limadya utoto. Zirani mozungulira."

Ndipo tinkazira mozungulira. Chaka ndi chaka mtsiro unkakwera m'mbali, wina pamwamba pa unzake, mpaka unayamba kukwirira mphonje, kapeti n'kukhala ngati wamera pamenepo. Malata tinadzagula patapita zaka, ndi thukuta la mayi anga, a Rozina. Agogo aakazi anasiya kulimbana nazo, koma akamadutsa m'kanjira kaja sankalephera kutsonya.

Anambewe anamwalira ine nditakula, nditamaliza kale sukulu ya pulayimale. Nthawi imeneyo kutsidya kunali nkhondo, ndipo anthu ankawoloka nyanja kuthawira kuno, osati kupita uko. Maliro atatha, titameta, linafika tsiku la kusudzula, pamene abale a malemu amamasula wotsalayo kuti abwerere kwawo ndi katundu wake. Nthawi zambiri munthu akakhala wokalamba amangomuuza kuti khalani, ana anu akusungani. Koma a Sandalamu anali ndi mdzukulu wina amene banja lake linatha, ndipo nyumba ya malata ankaifuna.

Unali m'mawa, anthu atakhala pamphasa pabwalo. A Sandalamu anayankhula mwaulemu wonse. "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, sitinganame. Lero takumasulani. Tengani zanu, muyende bwino, kwanu akakuoneni."

Ndinayang'ana mayi anga. Anali ataweramitsa mutu, chifukwa ankawaopa atsibweni awowo kuyambira ali mwana. Ndinayang'ana agogo, ndikudikira kuti munthu amene anakalipira anyamata a chipani pamsewu anene kanthu. Koma iwo anangowomba m'manja mothokoza, n'kudzuka ndi ndodo yawo. Ndinapsa mtima. Zaka zonsezo kutibowola makutu chifukwa cha ubweya wa nkhosa, lero akuthamangitsidwa pakamwa pali tsekee.

"Esitere," anandiitana ali pakhomo. "Bwera ugwire uko."

Tinalowa, anthu n'kudzaza pakhomo ndi pawindo. Mphepete zinali zitalimba mumtsiro, moti ndinachita kutokosa ndi mpeni kuti ndipeze pogwira. Agogo anagwira ngodya yawo, ine yanga, ndipo tinakoka. Ndinagwa chagada, m'manja muli kachidutswa kokha. Pansi pake panali pofiira, njira za chiswe zili pikitipikiti, chiswecho chikuthawa kuwala. Chinali chitadya ulusi wonse wa kumbuyo, mfundo zonenepa ndi zowonda zomwe, n'kumata ubweya ndi dothi lake. Pamwamba maluwa onse analipo, okongola monga kale, koma anali ngati kakhungu ka pamwamba pa phala lozizira. Paliponse pamene tinayesa kukoka, pankangonyotsoka.

Mawu anandipulumuka. "Nde zaka zonsezi ndimasesa chulu?"

Wina pawindo anaseka, koma anasiya msanga ataona nkhope ya agogo. Anali chiimire, kachidutswa kali m'manja, akukatembenuza uku ndi uku. Chinthu chimodzi chokha chimene akanatuluka nacho pamudzipo chinali chimenecho.

Pamenepo mayi anga anadzuka. Mawu awo anamveka mpaka kubwalo. "Atsibweni, paja mwambo ukuti munthu azipita ndi katundu wake yense, osasiyako kanthu, eti?"

"Eya, ndi mmene zimakhalira."

"Nde anyamulireni. Mukamutulutsa kapetiyu wathunthu, bambo anyamuka lero lomwe."

"Rozina, usasewere ndi mwambo."

"Sindikusewera, atsibweni. Katundu wa bambo walowa m'dothi la amayi. Kaya mukumba nyumba yonseyi muwasenzetse, ife tingoonerera."

Amayi achikulire amene anakhala kumbuyo anayamba kung'ung'udza movomereza. Mmodzi wa iwo, msuweni wa malemu, ananena mokweza kuti iye sanaonepo munthu akusudzulidwa katundu wake atatsala m'nyumba, ndipo sayamba lero. A Sandalamu analowa, anawerama, anakoka okha ngodya ina, n'kutsala ndi ubweya m'zala. Anaupukutira pathalauza, anatuluka, n'kunena kuti nkhaniyi tidzaikambanso. Sanaikambenso.

Mungaganize kuti agogo anathokoza. Anthu atabalalika anakhala pansi m'kanjira kaja, n'kuyang'ana mabowo amene tinang'amba, kenaka n'kutiyang'ana ine ndi mayi anga.

"Ndinkanena ine kuti simudziwa kuzira," anatero. "Mukanazira bwino chiswe chikanalowera pati?"

Mayi anga anatuluka, ndipo ndinawamva akuseka ndi kulira nthawi imodzi kuseri kwa nkhokwe. Agogo anakhala m'nyumba imeneyo mpaka imfa yawo, pakati pa ana ndi adzukulu awo, ndipo lamulo loletsa kuponda silinasinthe ngakhale pang'ono.

Tsopano ndine wa imvi, ndipo pakhomo panga pali mkamwini, mwamuna wa mwana wanga wamkazi, wochokera kutali kumpoto. Anabwera ndi chikwama cha zovala ndi kapeti wakale amene anagula pakaunjika. Ndinamutembenuza tsiku loyamba lomwelo: wa makina, wa nayiloni, maluwa ake onyansa, sangapusitse ngakhale mwana. Mwana wanga akufuna kumutaya kudzala, ndipo kunena zoona akunena zanzeru. Ndinamuletsa. Chinthucho ndimadana nacho, ndikachiona ndimatsonya. Koma Loweruka ndimapita ndekha kukamuyalula, kumukuntha fumbi, kuyang'ana pansi pake, kenaka n'kumuyalanso pamalo pake penipeni, mwini wake akuona.