Mafuta a Mandasi a Sellina

Pa Migowi, mandasi akakhala abwino anthu amati ndi a Sellina, ngakhale awakazinge wina. Sellina anayamba ntchitoyi atangosiya sukulu ali fomu 2, ndi chiwaya chimene amayi ake anachokera nacho ku Mkhumba. Pofika zaka makumi atatu zakubadwa anali ndi nyumba ya malata, mbaula ziwiri ndi mwana mmodzi, Eveles, amene anabwera mochedwa anthu atatopa kale ndi kufunsa.

Mwana wodikiridwa chotero sakanadzukira mbatata ngati ana a eni ake. Eveles ankadzukira buledi wopaka majarini, ndipo mandasi oyamba kutuluka m'mafuta anali ake. Koma pa zaka ziwiri ndi theka mimba inali ng'oma, miyendo timitengo, kutsegula m'mimba osaleka.

Tsiku la sikelo ndiye linali lowawa. A Gracious, mlangizi wa zaumoyo, ankapachika sikelo pamtengo n'kumawerenga makilogalamu mokweza ngati akulengeza zotsatira za chisankho. Atafika pa Eveles anayang'ana muvi, anayang'ana amake ndi chitenje chawo chatsopano, kenako analemba kuti mwana ndi wonyentchera. Motero mayi wodyetsa msika wonse anakhazikidwa pabenchi Lachinayi lililonse kuti aphunzire kuphika phala. Ankakhala kumapeto, atazyolika.

Chiponde cha ana onyentchera chitalephera, anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko dokotala wina wachitsikana, atamuyeza mwanayo kangapo, anati ndi matenda otchedwa siliyaki.

"Thupi lake limadana ndi tirigu, mayi. Fulawa amamupala matumbo. Buledi, mabisiketi, mandasi, ngakhale kanyenyeswa, ayi. Chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata, nandolo, zonsezo adye. Kodi inu mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimalima," anayankha Sellina.

Anabwerako ndi pepala la Chingerezi lolemba zakudya zimene palibe golosale ya m'Phalombe inazionapo. A Gracious analiwerenga kawiri, analidinda chidindo, n'kufotokoza kuti pafomu yawo panalibe malo a matenda amenewo. Choncho Eveles apitirize kukhala wonyentchera kufikira kulikulu atatumiza fomu ina.

Sellina anamvera dokotala. Buledi sanalowenso m'nyumba. Kuti mwana asamalire poona mandasi, ankamukazingira zitumbuwa za mgaiwa ndi nthochi, zomwe kale ankati ndi malonda a anthu osadziwa kukanda fulawa. Eveles anakwera pang'ono pasikelo, kenako anaima. Kutsegula kuja kunabwerera.

Ndiye kuti wina ankamudyetsa za tirigu. Sellina sanavutike kumupeza. Pafupi naye pamzere wa malonda pankakhala a Ummi, mayi wachisilamu wogulitsa mikate, amene ankakhazika Eveles pamkeka wawo makasitomala akachuluka. Tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, Sellina anamukoka mwanayo pamkekapo.

"A Ummi, mwana wanga mukumupatsa chiyani?"

"Mkate, amake Eveles. Mpunga ndi nthochi. Tirigu kwathu sanapondeko."

"Nanga akudwaliranji? Ngati chisoni chakukulirani, kachitireni adzukulu anu."

A Ummi anangokonza mpango wawo kumutu. Amayi a tomato anamva, a usipa anamva, ndipo pofika madzulo nkhani inali itakwera kale minibasi.

A Gracious anaitanitsa msonkhano wa komiti ya zaumoyo. Unayamba ndi pemphero, unakambirana kwa maola awiri za amene alembe zokambirana, ndipo unagamula kuti mwana azivala kakatoni pakhosi kolembedwa kuti MUSANDIPATSE CHAKUDYA. Eveles anakavala milungu itatu. Ankakatafuna m'makona. Sikelo sinasunthe.

Mmawa wina a Ummi, amene moto wawo unali utazima, anaima pakhomo la khitchini la Sellina ndi phale m'manja. Chichitikireni mkangano uja anali asanalankhulane, koma moto samanana. Sellina anawalozera mbaula ndi chibwano n'kupitiriza ntchito. Anavuula mandasi omaliza, kenako anaponya zitumbuwa zinayi za Eveles m'chiwaya.

"Amake Eveles, mafutawo ndi omwewo?"

"Nanga akhale ati? Munaona ndani akutaya mafuta atangokazingira kamodzi?"

"Ndangofunsa."

Sellina anatembenuza chitumbuwa chimodzi. Tinyenyeswa ta mandasi, takuda, timene timatsalira pansi pa chiwaya chilichonse, tinali titamatirira mbali yonse. Anayang'ana chipande chimene anakandira nthochi: chinali choyera ndi fulawa. Sefa imene anasefera mgaiwa inali yomweyo ya masiku onse. Dokotala uja anati ngakhale kanyenyeswa. Iye anamva, koma ankaganiza za nyenyeswa za m'manja mwa anthu ena.

Zitumbuwa zinapserera iye akuziyang'ana. A Ummi anapala moto wawo n'kutuluka. Patapita kanthawi anabweranso ndi kachiwaya kakang'ono ndi chipande chatsopano, anaziika pakhonde.

"Izi zisakhudze fulawa. Muzisunge kuchipinda, osati kuno."

Sellina anazitola n'kukaziika kuchipinda.

Mwezi wotsatira muvi wa sikelo unasuntha, mwezi winawo unasunthanso. A Gracious analengeza kuti njira ya kakatoni yaonetsa zipatso, ndipo alemba lipoti kuti madera ena atengerepo phunziro. Amayi anaomba m'manja. Ena anatembenuka kuyang'ana cha kumsika, kumene a Ummi ankakhala okha ndi mikate yawo, pakuti kuyambira tsiku lija amayi ambiri sankalolanso ana awo kufika pamkeka uja.

Sellina akanatha kungokhala chete. Mwana anali kuchira, komiti inali yokondwa, ndipo a Ummi sanauze munthu. Anapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu anatula beseni la mandasi pamalo ake, n'kupita kukagwada pambali pa mkeka, Eveles ali kumbuyo.

"A Ummi, ndinakulakwirani. Mwanayu ndinkamudwalitsa ndine, ndi mafuta anga."

A Ummi anapitiriza kudula mkate.

"Mwatsitsa mawu, amake Eveles. Tsiku lija mawu munali nawo."

Sellina anaimirira. Anabwereza zonse, mafuta, chipande ndi sefa, mokweza mpaka amayi a usipa kumapeto kwa mzere anasiya kuthamangitsa ntchentche.

"Ndiye mandasi akewo ndi abwinobwino?" anafunsa kondakitala wina amene ankadikira kugula.

"Kwa iwe ndi abwino, mimba yako ndi ya galimoto," anatero a Ummi. Anasendera pang'ono pamkeka paja. "Mutsitseni mwanayo, akupsa ndi dzuwa kumbuyoko."